Masiku Khumi ndi Limodzi

Loya wathu, mayi Halvorsen, anavula magalasi
n'kuwasanjika pa mtchatho wathu,
kenaka anawerenga ndi zala
ngati mwana wa sitandade wani.
Jhoanna anakwanitsa zaka 18 pa 3 Juni, anatero.
Inu munamanga ukwati pa 14.
Panja, mu Duluth monse, chipale chinkagwa chammbali.
Perlita anangoti duu, chikwama ali nacho pamiyendo.

Tsiku loyamba linali la 27 Meyi.
Ndine ndinalisuntha.
Tikiti ya ndege yopita ku Iloilo
inatsika ndi madola 140 mu Juni,
ndipo ndinadzitama kuntchito kuti ndine wochenjera.

Ndiye lamulo likuti si mwana wanga.
Likuti ndinamupeza, inde,
koma ndinamupeza atakula kale
ndi masiku khumi ndi limodzi.
Ine amene ndinamulipirira mano aja a kutsogolo
atagwa pa njinga yamoto ya msuweni wake.
Ine amene ndikudziwa kuti sadya anyezi,
kuti akanama amaseka kaye.

Njira zilipo, anatero loya, natulutsa pepala loyera.
Mayi ake amuitane okha.
Mzere wake ndi wautali, musandifunse zaka,
ndinganame.
Ndipo pakadali pano asakwatiwe.
Kapena abwere ngati wophunzira, ngati muli ndi ndalama
zoti akubanki aziona.
Kapena aphunzire unamwino, chipatala china chimufune.
Kapena viza yodzacheza,
koma akamufunsa ngati adzabwerere kwawo
ndipo nkhope yake sidziwa kubisa.

Asakwatiwe.
Mawu amenewo ndani akamuuze?
Ali ndi zaka 24, amagulitsa mankhwala pafamase ya pamsika,
ndipo kuli mnyamata, Dionisio,
amene amamudikira pakhomo ndi ambulera
ngakhale kusakugwa mvula.

Chipinda cham'mwamba ndinachipaka kale penti wachikasu.
Ndinagula jombo za m'chisanu, saizi sikisi,
zili m'katoni mpaka lero, lisiti lili momwemo.
Perlita amaikamo zovala zoti asite,
amatuluka msanga, chitseko n'kukoka.

Folo koloko m'mamawa, ndisanakalize galimoto yokankha chipale,
timamuimbira. Kwawo dzuwa likulowa.
Kumbuyo kwake tambala wosokonezeka akulira,
wina akukazinga nsomba.
Amanditchula Tito Orrin.
Tsiku lina, netiweki ikudukaduka, anati Papa,
mwina kunali kuduka kwa mawu chabe,
sindinafunse.
Ndinakankha chipale cha msewu wa Piedmont kawiri tsiku limenelo,
wina anadandaula kuofesi kuti ndamukwirira geti.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Amene ananena zimenezo sanaonepo
tsamba la boma lotuluka mwezi ndi mwezi,
pomwe deti limasuntha sabata imodzi,
mwezi wina osasuntha,
mwezi wina n'kubwerera m'mbuyo
ngati galimoto yanga pa chitunda choterera.

Dzulo tinadzaza fomu pathebulo la kukhitchini.
Dzina la woitana: Perlita.
Ubale: mwana wake wamkazi, wosakwatiwa.
Ndinafufuza masamba onse, kutsogolo ndi kuseri,
kabokosi konena chimene ine ndili kwa iye sindinakapeze.
Perlita anati, iwe lemba cheke.
Ndinalemba. Dzanja langa ndi loipa,
seveni amaoneka ngati wani,
ndinang'amba ziwiri.

Kupositi ofesi mtsikana wa pakauntala anafunsa
ngati muli chinthu chosweka mu envulopumo.
Ndinati ayi.
Anaiyeza pasikelo, nanena mtengo,
ndipo ndinalipira wa msangamsanga,
wofika mawa lomwe,
ngakhale ndikudziwa kuti ikakhala m'kabati zaka.
Ulendo uno sindinafunse ngati pali wotchipa.